Mordecai ndi Vaneti Yokana Ochimwa

Ku Chinyunyu mukafunsa za a Mordecai Njobvu, anthu sayambira pa munthuyo. Amayambira pa vaneti yawo, ndipo sakulakwa, chifukwa pa awiriwo yotchuka inali vanetiyo. Inapangidwa m'zaka za m'ma 1970. Pa utsikana wake inali yobiriwira, koma pofika masiku ano mtundu wake unali dzimbiri losakaniza ndi fumbi. Chitseko cha woyendetsa ankachimanga ndi malegeni, ndipo hutala inkalira pokhapokha ikafuna yokha. Wina akainyoza, a Mordecai ankangosisita boneti n'kunena kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Anabwera kuno ali mwana, makolo awo atasamuka ku Katete kudzafuna minda m'mbali mwa msewu waukulu. Khasu silinagwirizane nawo. Atangomera ndevu anathawira ku Lusaka, kumene anatha zaka zambiri atagona chagada pansi pa magalimoto a anthu ena pa galaja ina ya ku Chawama. Anabwerako ndi msana wopindika komanso vaneti imene mwini galaja ankafuna kugulitsa kwa ogula zitsulo. Akazi awo, a Estina, ankauza aliyense kuti iwo ali pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi uja amagona pansi pa mtengo wa mango atafunda tenti.

Vanetiyo inkanyamula tomato, makala, mbuzi ndi katundu wa akwati, koma ntchito yake yeniyeni inali maliro. Mabasi aang'ono sanyamula bokosi, ndipo magalimoto okongola amaopa misewu ya kumudzi. Amakanika a masiku ano, aja amalumikiza kompyuta kuti galimoto iwauze pamene ikumva kuwawa, a Mordecai ankawaseka mpaka kutsokomola. Yawo inalibe chobisa. Moto umachoka ku batire, kudutsa pa kiyi, kulowa mu koilo, kudulidwa ndi mapointi, n'kukafika ku mapulagi. Ukapanda kufika ndiye kuti wasochera panjira, ndipo makanika amaulondola ngati mbuzi yothawa.

Nthenda yake inali imodzi. Koilo, kachitini kamene kamakulitsa moto wopita ku mapulagi, inali itakalamba, ndipo ikatentha pa zitunda za ku Rufunsa inkangoleka ntchito. Mankhwala ake kunali kudikira kuti izizire. Munthu wina akanagula koilo yatsopano, koma a Mordecai anaona kuti nthabwala ndi yotchipa. Injini ikazima ankatsika, kuvula kapusi, n'kuyang'ana okwera mmodzimmodzi.

"Abale, motoka yakana," ankatero. "Pali wina muno ali na tchimo. Tiyeni tipempele."

Pa maulendo a maliro mpando wakutsogolo unali wa a Philemon, dikoni wa mpingo, munthu woonda moti mphepo ya Julaye ikawomba ankagwira mtengo. Pemphero lawo linkayambira kwa Adamu ndipo silinkadumpha mfumu iliyonse ya Israeli. Pofika pa Ameni koilo inkakhala itazizira, a Mordecai n'kupotokola kiyi, injini n'kulira, amayi n'kuimba nthungululu. Tsiku lina bambo wina wa ku Chongwe anatsika yekha n'kuulula za mbuzi ya mlamu wake asanafunsidwe n'komwe. Kuyambira pamenepo vanetiyo inatchedwa Mneneri, ndipo a Mordecai analemba dzinalo kumbuyo ndi penti yofiira. A Estina anawachenjeza kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Iwo anayankha kuti nsanje ya mkazi wamng'ono ilibe mankhwala.

Chaka chatha ogula zitsulo anayamba kumuyang'ana Mneneri ndi maso a njala, choncho a Mordecai anamutchera msampha wa akuba. Anakoka waya kuchokera ku koilo mpaka pansi pa mpando wa wokwera, n'kuikapo kaswichi. Kaswichiko akakatsitsa, wayayo ankakhudza chitsulo cha galimoto, moto wonse n'kuthawira m'chitsulomo osafika ku mapulagi. Wakuba akanaliza sitata mpaka batire kutha. Sanauze munthu, ngakhale a Estina, ndipo ankadzitama nazo mumtima.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunagwa maliro a a Luckson, bambo wofatsa wa kwa Shikabeta amene anakwatira ku Chinyunyu n'kukhazikika komweko. Matenda a shuga anawadya kwa zaka zambiri, ndipo wowasambitsa, wowatembenuza ndi wowanyamula kupita kuchipatala anali mkazi wawo, a Fainess, amake Leah. Mayiwa ankagulitsa tomato ndi vitumbuwa pafupi ndi akasupe otentha. Anali mzimayi wa thupi, amene Mlengi sanaumire dothi powaumba, ndipo akaseka ankamveka kutsidya la msewu. Abale a mwamuna sanaoneke nthawi yonse ya matenda. Anaoneka tsiku la imfa, motsogozedwa ndi a Bornwell, mkulu wake wa malemu, kamunthu kakafupi kamene kankalira maso ali pa malata a nyumba. Iwowa ndi amene analamula kuti maliro akaikidwe kwa Shikabeta.

Anatenga thupi kumotchale m'mawa. Bokosi linali kumbuyo, amayi atalizungulira akuimba, amuna atakhala m'mbali, matumba a ufa ndi kabichi wa pamaliro ali pakona. Atafika pa mphambano pamene msewu wafumbi umasiyana ndi tala, pomwe pamakhala ogulitsa makala, amayi anamenya denga kuti galimoto iime. A Fainess anali atakomoka ndi dzuwa. Anawathira madzi kumaso, ndipo onse anagwirizana kuti namfedwa akhale kutsogolo pamthunzi. A Philemon anatsika mwaulemu. Injini inali ikugunda bwinobwino. A Fainess anakwera, mpando unalira kuti kwee, injini n'kuti zii.

Nthabwala ija inafika pa lilime la a Mordecai yokha, monga mwa chizolowezi. Anayang'ana bokosi n'kuimeza. Koma kumbuyo mayi wina anawanenera, monong'ona koma momveka.

"Mneneri wakana."

Mkati munali motentha ngati mu uvuni, choncho a Fainess anatsika kukakhala pansi pa mtengo. A Mordecai anatsegula boneti n'kugwira koilo. Inali yofunda chabe, osati yootcha dzanja monga inkachitira. Anapotokola kiyi, injini inalira nthawi yomweyo. Anaitana namfedwa, namfedwa anakwera, injini inazimanso. Pamenepo ngakhale ogulitsa makala anasiya matumba awo n'kuyandikira.

Anthu amadziwa kuti galimoto ya maliro ikavuta panjira, mwina ndi mwini wake wa m'bokosimo amene sakufuna kupita, ndipo wamkulu wa pabanja amayankhula naye kuti amasule njira. A Bornwell anakwera kumbuyo n'kugogoda bokosi. Koma sananene mawu opepesa aja amene amanenedwa.

"Luckson, mufana wanga," anatero mokweza kuti onse amve, "ngati pali muntu anakuchita, tionetse lelo."

Anatsitsa a Fainess, iwo n'kukhala pampandopo okha, n'kuuza a Mordecai kuti alize. Injini inalira mosangalala ngati yamva uthenga wabwino. A Bornwell anatsika nkhope ikuwala.

"Mwaona? Na ine inalila, na ba dikoni inalila. Na uyu muzimai yakana. Mufana wanga sakufuna kuyenda na wamene anamudya."

"Ine, alamu?" anafunsa a Fainess. "Ine wamene nenze kumusambika?"

"Awe, ba Bornwell, ni vya magesi chabe ivi," anatero a Mordecai. "Ni waya penapake."

"Waya? Si ndimwe mumakamba kuti iyi motoka siinama? Myaka yonse ni muneneli, lelo ndiye yankala waya?"

A Mordecai anasowa poponda. Mlomo uja unali utawatsata mpaka pa mphambano, ndipo unali kuluma munthu wosalakwa. Ankadziwa bwino mathero a nkhani zotere. A Bornwell anali atanena kale kuti mkaziyo atsale pomwepo, asaponde kumanda. Mkazi wosiyidwa pamsewu tsiku loika mwamuna wake sabwerera kwawo ndi dzina lake lakale. Amabwerera ali mfiti, malata amachoka pa nyumba, ana amalozedwa chala, ndipo palibe amene amagulanso chitumbuwa m'manja mwake. Mtsikana wina wa makala anali atatulutsa kale foni akujambula.

"Nipaseniko ntawi ing'ono," anatero a Mordecai, n'kulowetsa mutu mu boneti, mwina pofuna kubisa manyazi.

Anayamba kulondola moto. Batire inali bwino, chifukwa sitata inkatembenuza injini mwamphamvu. Petulo ankafika, anazula paipi n'kumuona akutuluka. Anakumbukira kaswichi kawo, anapisa dzanja mwakabisira pansi pa mpando, koma kanali m'mwamba monga anakasiyira m'mawa. Anatsegula chivundikiro cha disitibyuta, imene imagawa moto ku mapulagi, anapukuta fumbi ndi malaya awo a maliro, anapala mapointi ndi mbali yokhakhala ya bokosi la machesi. Kenaka anazula waya wa pulagi, kumuyandikiza ku chitsulo cha injini, n'kuuza a Philemon kuti apotokole kiyi. Moto wabuluu unadumpha kuti tha tha tha, wathanzi ngati wa galimoto yatsopano. Chilichonse chimene ankayesa chinkapezeka chili bwino, ndipo chilichonse chabwino chinkakhala umboni wotsutsa a Fainess.

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo chinali chankhanza. A Mordecai anapita pansi pa mtengo paja n'kugwada pamaso pa a Fainess.

"Amake Leah, nipempako. Kwelani futi kamozi."

"Mufuna banisekenso?"

"Nifuna nione moto uyenda kuti mukankala."

A Fainess anadzuka n'kukakwera, anthu akupatuka ngati akudutsa munthu wa khate. A Philemon anapotokola kiyi atapenyera kumbali. Sitata inalira, koma pa waya wa pulagi panalibe kanthu, ngakhale kamoto ka chiphaniphani. Khamu linati haa. Mayi wina anayamba kulira maliro atsopano. A Fainess anatsika, ndipo mpando unaliranso kuti kwee.

Kulira kwa mpandoko n'kumene kunawatsegula mutu a Mordecai. Anagwada pa chitseko, kupisanso dzanja, koma ulendo uno anapitirira kaswichi n'kutsata wayayo ndi zala. Anamupeza atapanikizika pansi pa sipuling'i ya mpando. Sipuling'iyo inali itadya mphira wa waya pang'onopang'ono m'mabampu a miyezi yonseyi, mpaka mkuwa kuonekera. Akakhala munthu wopepuka, sipuling'i inkalekeza m'mwamba. Akakhala munthu wa thupi, inkatsika n'kukhudza mkuwawo, moto n'kuthawira m'chitsulo. Msampha wa akuba unali utagwira mkazi wamasiye.

Dzanja lili pansi pa mpando pomwepo, satana anawanong'oneza nzeru yabwino kwambiri. Akanangokankhira wayayo pambali ndi chala, osauza munthu, n'kupempha a Philemon pemphero lalitali. Injini ikanalira a Fainess ali pampando, anthu akanati malemu wakhululuka, ulendo ukanapitirira, ndipo mbiri ya Mneneri ikanafika mpaka ku Luangwa. Kunena zoona, anaiganizira nzeruyo, ndipo inawakomera. Koma wokhululukidwa ndi amene analakwa. Anatembenuka n'kuona a Fainess atakhalanso pansi pa mtengo, chitenje chili fumbi lokhalokha, amayi amene ankaimba nawo m'mawa atasuntha n'kusiya malo oti ngolo ingadutse. Mtima unawapweteka, ndipo anadzida.

Anadzuka osakhudza wayayo, n'kuliza injini.

"Ba Bornwell, bwelani pafupi. Imwe banyamata, letani matumba ya unga."

Anyamata anaika thumba la ufa pampando, injini inapitiriza kugunda. Anasanjikiza lina ndi lina, mpando unatsika pang'ono. Pomaliza a Mordecai ananyamula okha thumba la kabichi n'kuliponya pamwamba. Mpando unalira, injini inazima.

Ngakhale mwini foni anaiwala kujambula.

"Manje ba Bornwell," anatero a Mordecai akupukuta thukuta, "funsani iyi kabichi. Inali kuti pamene ba Luckson benze kudwala? Ifunseni bwino, ioneka monga iziba vambili."

Woyamba kuseka anali wogulitsa makala wina, kenaka kuseka kunagwira onse ngati moto wa m'tchire, mpaka amayi a m'mbali mwa bokosi anabisa nkhope m'zitenje. A Mordecai anatsitsa matumba, anazula mpando wonse n'kuuika pamsewu, n'kuonetsa aliyense waya wodyekayo ndi kaswichi kawo kachinsinsi. Popeza anali atayamba kale kuvula, anangovuliratu. Anafotokoza za koilo yokalamba, kuti Mneneri sanadziwepo tchimo la munthu chibadwire, ndipo chimene ankafuna pa zitunda chinali mphepo basi.

"Manje mapempelo yanga yonse yaja?" anafunsa a Philemon, atakhumudwa zenizeni.

"Yenze kusebenza, ba dikoni. Yenze yatali bwino."

Anatenga pulayala, anadula wayayo kuyambira ku koilo, n'kumuponya m'tchire. Anabwezera mpando, a Fainess anakwera, injini inagunda osatsokomola. Anthu ankasekabe, ndipo tsopano ena ankaseka kabichi, ena ankaseka thupi la namfedwa, poyerekeza matumba amene anafunika. A Bornwell anayandikira pawindo akukanda m'mutu.

"Ni chisoni chabe, mulamu. Pa malilo mutu siusebenza bwino. Tiyeni, zuba yayenda."

Kupepesa kwake kunali komweko. Pa anthu onse a pa mphambano, a Fainess okha ndi amene sanaseke.

Msewu wa kwa Shikabeta ndi wa miyala ndi zigwa, ndipo vaneti inkayenda ngati nkhalamba yotsika phiri. Kumbuyo nyimbo zinayambiranso. A Mordecai anayesa kukonza mawu opepesa, koma onse ankatuluka opindika, choncho anangogwira chiwongolero. Atayenda mtunda ndithu, a Fainess anayankhula maso ali kutsogolo.

"Mubwelela liti ku Chinyunyu?"

"Tikangosiliza kuika."

"Musanisiye."

A Mordecai anawayang'ana. Mkazi wamasiye sachoka tsiku loika maliro. Amakhala kwa abale a mwamuna mpaka akuluakulu atakambirana ndi kumumasula, ndipo woyendetsa galimoto amene angamuthawitse amakhala wadziputira mlandu.

"Nanga mwambo, amake Leah? Bazakamba."

"Bakamba kale. Myaka yonse iyi nabaphikila baja bantu, bana bao nabasunga pa nyumba panga. Lelo kawaya kamozi chabe, bonse banali okonzeka. Palibe olo umozi anakamba ati awe."

Zinali zoona. Nawonso a Mordecai anali atayamba ndi kuteteza waya, osati munthu.

Kumanda zonse zinayenda mwa dongosolo. A Philemon anapemphera mwachidule, zimene zinadabwitsa ambiri. A Bornwell anayankhula m'malo mwa banja, n'kuthokoza mlamu wawo chifukwa chosamalira wodwala, osaphethira n'komwe. A Fainess anaponya dothi m'dzenje, anaika nkhata yawo ya maluwa, ndipo maso awo anali ouma. Amayi ena anayamba kale kunong'onezana za maso oumawo.

Anthu atayamba kulowera kunyumba ya siwa kukadya, a Mordecai sanawatsate. Anatembenuza vaneti kuti iyang'ane kumene inachokera, anatsegula chitseko cha wokwera, n'kusiya injini ikugunda ngakhale petulo anali wochepa. A Philemon anaona, anamvetsa, n'kukwera kumbuyo mwakachetechete pamodzi ndi Leah, mwana wamkulu wa malemu. A Fainess anachokera kumanda molunjika, dothi lili m'manja, osapatukira kunyumba. Wina anaitana dzina lawo kumbuyo. Sanacheuke.

Anadutsa nyumba za mudziwo, anadutsa minda yowauka ndi dzuwa, anawoloka kamtsinje kouma. Mudzi utabisika kuseri kwa phiri, a Fainess anagwira pakamwa ndi chitenje, mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo kulira kumene anakumeza tsiku lonse kunatuluka konse. Ankaitana dzina la mwamuna wawo, n'kumamufunsa kuti wawasiya ndi yani. A Mordecai anachepetsa liwiro kuti mabampu asawapweteke, ndipo anayendetsa choncho mpaka ku tala.